Chikombole cha Amalume

Pa tebulo langa losokera pali kachitsulo ka mkuwa kamene ndimapsinjira nsalu kuti isathawe ndikamadula. N'kotalika ngati chikhatho changa, kolemera kuposa mmene kamaonekera, ndipo pamwamba pake pali mabowo asanu ndi limodzi. Ukamasula nati ya m'mbali kamagawika pawiri, n'kuona kuti bowo lililonse n'losongoka kunsi ngati chipolopolo. Makasitomala ena amakanyamula n'kufunsa ngati kuseri kwa kusoka ndimaumbanso zipolopolo. Ndimangoseka n'kuyankha kuti n'chikombole cha amalume. Ndi ochepa amene ndimawauza kuti pakanapanda kachitsulo aka, mwina ndikanakula ndili wamasiye.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili giredi folo, ku Kafue. Zinali zaka zimene boma linayamba kugulitsa makampani ndi kutsegula malire, ndipo akuluakulu pa wailesi ankati zinthu ziyamba zawawa kenako zidzakoma. Kuwawako tinakuona. Salaula, zovala zakale zochokera kunja, inadzaza msika mpaka m'mbali mwa njanji, ndipo fakitale ya nsalu, imene inachotsa makolo anga kummawa kuwabweretsa kuno, inayamba kuchotsa anthu ntchito m'magulumagulu. Atate anali m'gulu loyamba. Anakhala pakhomo miyezi iwiri akukonza wailesi yosawonongeka, kenako anakwera basi kupita kumalire a kumpoto kukayesa malonda, n'kunena kuti abwera mvula ikagwa.

Amalume, mlongo wa amayi wamkulu, ankagwira ntchito m'chipinda cha mankhwala pa kiliniki ya fakitaleyo. Kiliniki itatsekedwa anabweza makiyi a nyumba ya kampani, akazi awo ndi ana n'kuwatumiza kumudzi kukalima, iwo n'kubwera kudzakhala m'kachipinda kathu ka kuseri ku Nangongwe. Anabwera ndi sutikesi imodzi ndi katoni. M'katonimo munali kamtondo koyera kadothi ndi kamunsi kake, kasikelo ka mbale ziwiri, chitini cha mafuta olimba achikasu onunkhira ngati chokoleti, ndi chikombole chija. Oyang'anira katundu wa kiliniki anati zimenezo n'zakale za azungu, angotenga. Jasi yawo yoyera ya kuntchito amalume anaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo inakhala pomwepo mpaka inayamba kufiira ndi fumbi.

Anali munthu wa mawu ochepa, wosamba m'manja mpaka m'zigongono ngakhale pofuna kusenda lalanje. Ine ndinkawaona ngati munthu wotopetsa. Mwana amayeza akuluakulu ndi maswiti, ndipo amalume analibe.

Amayi anayamba kudwala kutentha kwa Okutobala kutangoyamba, nthawi imene malata amalira okha masana ndipo tala wa pamsewu wa ku Lusaka amamata ku patapata. Poyamba ankasanza m'mawa mokha. Kenako chilichonse chinayamba kubwerera: nshima, phala, tiyi, ngakhale madzi a mumtsuko. Aneba akamakazinga tinsomba ta kapenta, amayi ankathamangira kuseri kwa nyumba atagwira pakamwa, mpaka kuthamangako kunawakanika, beseni n'kumakhala pansi pa bedi. Ine ndi amene ndinkakataya. Milomo yawo inang'ambika, maso analowa mkati, ndipo chitenje chimene kale chinkangokwana chinayamba kuzungulira kawiri.

Zaka zimenezo munthu akaonda sankafunsidwa kuti wadwala chiyani. Mumzere wathu wa nyumba munali mutachitika maliro angapo chaka chomwecho, ndipo onse anayamba ndi kuonda. Ndikafika pampopi ndi ndowa, azimayi ankasiya nkhani pakati n'kuyamba kundiyamikira kuti ndine mwana wolimbikira. Tsiku lina ndinamva mmodzi akunong'ona mawu akuti kaliwondewonde, akuganiza kuti phokoso la madzi lawabisa. Ndinabwerera kunyumba ndowa ili theka. Ndinkaopa kuti amayi amwalira, ndipo ndinalibe womuuza.

Amalume anawatengera ku kiliniki ya boma kawiri pa njinga yobwereka. Kumeneko anawaika diripi n'kuwapatsa timapiritsi toletsa kusanza. Koma piritsi loletsa kusanza limafuna kukhala m'mimba kanthawi, ndipo m'mimba mwa amayi simunkakhala kanthu. Linkabwerera lathunthu, chilembo chake chikuonekabe. Ulendo wachiwiri dokotala wa pamenepo, amene ankadziwana ndi amalume kuyambira kale, anawaitanira pambali. Anawauza kuti khomo la pakamwa latsekeka, mankhwalawo alowere khomo lina. Kuti opangiratu a mtundu umenewo pa shelefu panalibe. Ndipo kuti iwo amalume ntchitoyo anaiphunzira, manja awo sanaiwale. Anawalembera mlingo pakapepala. Zonsezi ndinazimva patapita zaka. Tsikulo ndinangoona amalume akutsitsa katoni ija pamwamba pa kabati n'kuipukuta fumbi.

Loweruka m'mawa anandituma kumsika, kumene azimayi opita ku Chanyanya kukaoda nsomba amagula ayezi. Mayi wina wonenepa, atamva kuti n'za wodwala, anandiswera chidutswa ndi chikwanje n'kundikulungira m'saka, osafunsa zambiri. Nditabwerera ndinapeza kukhitchini kwasanduka kwina. Tebulo linali litakwechedwa ndi madzi otentha, ndipo amalume anali atapinda malaya, akusinja mapiritsi m'kamtondo mpaka anasanduka ufa wosalala ngati paudala. Anayeza ufawo pa kasikelo, anayezanso mafuta a m'chitini aja, amene anati ndi mafuta a koko. Ubwino wa mafutawa, anatero, ndi woti pa tebulo amakhala olimba, koma akakhudza thupi la munthu amasungunuka n'kumasula mankhwala amene ali mkati. Anandiika kachidutswa pachikhatho kuti ndione, ndipo posachedwa kanasanduka dontho.

Chifukwa cha kutentha anapalirako phula la njuchi pang'ono, lochepa ngati chikhadabo. Anati ukalichepetsa mankhwala amasungunuka asanafike kwa wodwala, ukalichulukitsa amakana kusungunuka ngakhale atafika. Kapu ya mafutayo sanaiike pamoto. Anaiviika m'mbale ya madzi ofunda, akutakasa pang'onopang'ono mpaka mafuta anakhala ngati phala la mwana. Anathiramo ufa uja n'kupitiriza kutakasa kuti usakhale pansi, bowo lililonse lilandire gawo lofanana. Anapaka mabowo a chikombole timadzi ta sopo, anathira mpaka kusefukira, anadikira pang'ono, kenako n'kuchisanjika pa saka la ayezi. Atapala pamwamba ndi mpeni n'kumasula nati, tinthu tisanu ndi kamodzi tinagwera m'sosala, tosalala, tonyezimira, tonunkhira bwino moti ndikanasiyidwa ndekha ndikanalawa. Dzina lake anati ndi masapozitole. Anakulunga kalikonse m'kapepala koyera n'kuika tonse mu envulopu. Nditafunsa kuti amamwa bwanji, anayang'ana kudenga n'kundiuza kuti ndikataye madzi.

Apa ndi pamene nzeru za amalume zinathera. Kwathu mwamuna salowa kuchipinda kwa mlongo wake, sakhala naye pamphasa imodzi, ndipo za thupi za kunsi kwa mchombo satchulirana ngakhale nyumba ikupsa. Atate akanakhalapo, amalume akanawakokera kuseri monga mlamu wawo, nkhaniyo n'kuthera m'nthabwala. Akazi a amalume akanakhalapo, akanatuma iwo. Koma m'nyumbamo munali anthu atatu okha: mlongo, mlongo mnzake, ndi ine mwana. Anaima pakhomo la chipinda cha amayi atagwira envulopu ndi manja awiri, anatsokomola, n'kulankhula akuyang'ana felemu ya chitseko.

"Alongosi, mankhwala aya. Si yakumwa iyai."

Mawu a amayi anamveka chapansipansi kuti amva. Ndinalandira envulopuyo n'kulowa nayo. Amayi anasuzumira mkati kamodzi, anatembenukira kukhoma, n'kundiuza kuti ndiike pawindo. Pawindopo panali buku langa la masamu, ndipo ndinaisanjika pamwamba pake. Amalume, munthu amene sankaiwala ngakhale kutseka botolo la mchere, anaiwala kunena kuti mankhwalawo asungidwe pozizira. Anali atatuluka kale kukasesa pabwalo pamene ine ndinasesa m'mawa.

M'mawa ndi madzulo ankandifunsa kuti amayi ali bwanji, osafunsa za envulopu. Amayi nawo sankaitchula. Dzuwa la masana linkalowa pawindo lija monga mwa nthawi zonse. Lamlungu amayi anayesa kudzuka n'kugwa pafupi ndi bedi, ndipo amalume anathamanga mpaka pakhomo la chipinda, n'kuima pomwepo, akundiuza ine mmene ndingawagwirire m'khwapa. Lolemba m'mawa nditapita kukatenga buku, envulopu inali itaphwa, yonyowa ndi mafuta, ndipo mankhwala onse anali atalowa m'masamu anga.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, koma ndikafika apa mtima umandipsabe. Munthu akanatha kupita chifukwa cha manyazi, mankhwala ali pawindo. Komabe sinditha kuwaseka awiriwo. Anakula akuuzidwa kuti ulemu umenewo ndiwo umunthu, ndipo palibe anawauzapo chochita tsiku limene ulemuwo udzatsekereza njira ya mankhwala.

Aphunzitsi athu anali mayi wa Chibemba wochokera kumpoto, wamtali, wa mawu omveka kuchokera ku giredi wani mpaka ku ofesi ya ahedi. Ife ana a kummawa ankatitcha odya mbewa, ndipo tikalakwa samu ankati mbewa zabwezera, zatidya ubongo. Sitinkakwiya, chifukwa pakati pa Abemba ndi anthu a kummawa pali chimbuya, chibale cha nthabwala chimene chimalola kunyozana, kupakana ufa pamaliro, ndi kuuzana zimene wachibale weniweni sangakuuze. Lolemba lija ananyamula buku langa ndi zala ziwiri, masamba ake akuonekera kuseri ngati pepala lokulungira vitumbuwa, n'kufunsa kalasi yonse ngati ndatsegula lesitilanti. Anzanga anaseka. Ine ndinayamba kulira, kulira kwa masabata onse aja kumene ndinkasunga, mpaka kalasi inakhala chete.

Ananditengera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Ndinawauza zonse: beseni, azimayi a pampopi, ayezi, envulopu ya pawindo. Anandiuza kuti ndijambule pansi mmene mankhwalawo ankaonekera, ndipo nditajambula anagwira m'chiuno n'kupukusa mutu nthawi yaitali. Titaweruka sanapite kwawo. Anatsagana nane mpaka ku Nangongwe dzuwa lili paliwombo, ambulera ili kumutu, nsapato zawo za kusukulu zitayera ndi fumbi.

Analowa kuchipinda kwa amayi osaodira n'komwe, n'kutseka chitseko. Atatuluka maso awo anali ofiira, koma mawu anali omwe aja. Anapeza amalume atakhala pampando pansi pa mpapaya.

"Imwe ba mbuya, mbewa mumadya na matumbo yonse, manje kukamba ati mankhwala ni yoika kumatako ndiye mwamvela nsoni? Muntu azafa apa."

Ndi mmene ndinadziwira khomo lina lija. Ndinayang'ana amalume, iwo akuyang'ana nyerere pansi. Aphunzitsi anatsitsa mawu. Anawauza kuti mlongo wawo si mwana, akudziwa bwino lomwe kumene mankhwalawo amapita, anawaonapo kuchipatala pobereka ine. Chimene akukana n'kulandira m'thupi mwake, kumalo amenewo, chinthu choumbidwa ndi zala za mlongo wake. Wanena kuti bola afe.

"Manje muzaniphunzisa. Mutu uzankala wanu, manja yazankala yanga."

Amalume anakatenga chitini chija n'kuwaonetsa mkati. Mafuta otsala anali ongokwana chikombole chimodzi, ndipo mafuta a koko sankapezeka m'sitolo iliyonse ya mu Kafue. Akanawonongeka amenewo, panalibenso ena.

Ndinathamangiranso kumsika. Mayi wa nsomba uja anali atabwerako ku Chanyanya, ndipo anandipatsa ayezi wotsala pansi pa dengu, wonunkha mamba. Nditafika ndinapeza amalume atakoka mpando wawo n'kuuika panja pa khomo la khitchini, pamalo oonekera pawindo la amayi. Anakhala pamenepo atakhalira manja awo onse awiri, kuti wosuzumira aliyense aone kuti sakukhudza kanthu. Aphunzitsi anali mkati atamanga chitenje cha amayi pamwamba pa diresi. Amalume anawabweza kukasamba m'manja kawiri. Kusinja ankakuweruza ndi khutu: akamva kukukuta m'kamtondo ankati ufa sunafike, aphunzitsi n'kuwanyoza m'Chibemba, koma n'kupitiriza. Poyeza anawauza kuti achotseko kachidutswa ka mafuta, chifukwa ufa nawo umatenga malo m'bowo, ndipo kachidutswako kanaikidwa pa chivindikiro cha chitini. Munthu amene sukulu yonse inkamuopa anali kulamulidwa ngati wa giredi wani, ndipo ndivomere kuti zinandikoma.

Vuto linabwera posungunula. Aphunzitsi anali mayi wophika, wozolowera kuti mafuta amafuna moto. Ataona kuti madzi ofunda akuchedwa, ndipo kuchipinda kukumveka amayi akukokanso beseni, anatenga kapu ija n'kuisanjika pa mbaula kanthawi kochepa, amalume atacheukira kuwindo. Mafuta anasungunuka nthawi yomweyo n'kukhala mbee ngati okazingira. Anathira ufa, anathira m'chikombole, tinasanjika pa ayezi. Tinadikira. Ayezi ankachepa, madzi ake akuyenderera pansi, koma m'mabowo munali madzimadzi okhaokha. Aphunzitsi anagwedeza chikombole, mafuta n'kugwedezeka nawo. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo ili ndi mantha.

Amalume ananunkhiza mpweya n'kufunsa ngati kapu inakhudza moto. Aphunzitsi anavomera ngati mwana wogwidwa shuga ali kumilomo. Ndinaona mapewa a amalume akunyamuka, miyendo ikukonzeka kuimirira. Zinali zapafupi, mapazi atatu okha n'kulanda supuni. Ndinkafuna kukuwa kuti lowani, amayi sakuona. Koma nsalu ya pawindo la amayi inali itapatuka pang'ono, ndipo amalume anaiona. Anabwerera pampando, anakhaliranso manja, thukuta likutsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala.

"Osataya, ba ticha. Mafuta aya yakapya maningi yamaibala kulimba. Tizayakumbusa."

Kuwakumbutsako kunali motere. Anawauza kuti akhuthulire zonse m'kapu osasiya dontho, azitakasa mpaka kapuyo izizire moti n'kuigunditsa patsaya osamva kutentha. Kenako apalire mkatimo kachidutswa kaja ka pa chivindikiro, kamene sikanaone moto. Anati kameneko ndi mbewu. Mafuta osungunuka akakhudzana nako amatengera khalidwe lake. Aphunzitsi anapala ndi mpeni n'kutakasa. Ine ndinkakupiza ndi chivindikiro cha poto. Amalume ankangoti pang'ono pang'ono, maso ali pa supuni. Pamene mthunzi wa mpapaya unafika pakhoma la aneba, mafuta aja anayamba kuchita mtambo, kenako kulemera pa supuni. Sindinaonepo munthu akugwira ntchito yolemetsa chonchija atakhala pansi.

Nati itamasulidwa, tinthu tija tinatuluka tisanu tabwinobwino, kamodzi kothyoka pakati. Aphunzitsi anapuma mpweya waukulu n'kunena kuti bola kuphunzitsa ana odya mbewa. Ulendo uno amalume sanaiwale: anati tiikidwe m'botolo lotseka bwino, botololo limizidwe mumtsuko wa madzi, pakona pamene dzuwa silifika. Zotsalazo anawanong'oneza aphunzitsi kuseri kwa nyumba ine atandithamangitsa, koma khutu la mwana ndi lalitali: wodwala agone chammbali, nsonga inyowetsedwe ndi madzi, ndipo asadzuke msanga. Aphunzitsi analowa n'kutseka chitseko. Patapita kanthawi ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala, amayi akuseka, kuseka kofooka kothera m'kutsokomola.

M'mawa mwake anamwa theka la kapu ya tiyi, ndipo tiyiyo anakhala. Ndinakhala pafupi ndi beseni ndikudikira, koma silinagwire ntchito. Madzulo phala lamadzimadzi linakhalanso. Aphunzitsi ankadutsa tsiku lililonse poweruka, ndipo pamene botolo la mumtsuko linkatha, m'mimba mwa amayi munali mutakhazikika moti mapiritsi aja ankawameza osabweza. Tsiku lina amayi anandituma kukathyola mango osapsa ndi kubweretsa mchere. Aphunzitsi atawapeza akukukuta, anawayang'ana, awiriwo n'kuphulika kuseka. Ine sindinaone choseketsa pa mango owawasa. Mng'ono wanga anabadwa kuzizira kukuyamba, atate atabwerako kumalire, ndipo azimayi a pampopi aja ndi amene anali oyamba kudzaona mwana, aliyense akunena kuti iye ankadziwa kale.

Amayi atapeza mphamvu zoyenda, Lamlungu lina anagwira nkhuku yathu yoikira, anatenga chitenje chatsopano chimene atate anabwera nacho ku fakitale pomaliza, n'kupita nane kwa aphunzitsi. Anagwada pakhomo n'kuwomba m'manja. Kutchalitchi, pampopi, kumsika, ankauza aliyense kuti ba ticha ndi amene anawachiritsa ndi manja awo. Amalume sanatchulidwe ngakhale kamodzi. Zinandiwawa. Tsiku lina tikudya masana ndinalephera kupirira, n'kuyamba kunena kuti, "Koma amai, si ba malume amene..." Sindinamalize. Amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi inatuluka, ndipo amalume, amene ankadyera paokha pafupi ndi khomo, anapempha mchere.

Amalume sanabwererenso m'chipinda cha mankhwala. Anayesa kufunsira ntchito ku Lusaka, m'masitolo atsopano a mankhwala amene ankatseguka nthawi imeneyo, koma kumeneko ankafuna anyamata odziwa kugulitsa, osati odziwa kusinja. Anatsatira banja lawo kumudzi. Nditakula ndinakawachezera, ukalamba utawachepetsa manyazi, ndipo ndinawafunsa kuti mankhwala olowera kumeneko amafika bwanji m'thupi. Anandiuza kuti kumeneko kuli timitsempha tambiri timene timamwa mankhwala n'kuwapititsa m'magazi, n'chifukwa chake njirayi imathandiza wosanza, mwana wotentha thupi amene akulavula mankhwala, wokomoka amene sangameze, ndi nkhalamba yodzimbidwa. Anandichenjezanso kuti ndisadzayese kuumba ndekha, chifukwa mlingo ukalakwika mankhwala ndi poizoni. Masiku ano amabwera opangidwa kale m'mapaketi onyezimira. Mwana wanga woyamba atatentha thupi, nesi anandipatsa n'kundifotokozera poyera anthu ali pamzere, ine n'kulandira mopanda manyazi.

Amalume atamwalira, pogawa katundu wawo amayi sanafune sutikesi kapena njinga. Anapempha chikombole chokha, ndipo ndi iwo anadzandipatsa. Aphunzitsi anasamutsidwa chaka chotsatira matenda aja, ndipo sindinawaonenso. Mayi wa ayezi ngakhale nkhope yake ndinaiwala, ndimangokumbukira fungo la mamba. Onsewa ndimawathokoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndikanakonda akanamva zikomo wanga ndili wamkulu, ndikudziwa chimene ndikuthokoza.

Pali m'mawa umodzi umene ndimabwererako kawirikawiri. Linali tsiku loyamba limene amayi anatha kuima pabeseni lochapira, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana cha kumtsinje. Zochapa zinali zitaunjikana: yunifomu yanga, nsalu za pabedi, zitenje zawo zonunkha matenda. Anazisiya zonse. Amalume atapita kutauni, anandituma kuti ndikatenge jasi yoyera ija pamsomali, poti iwo sakanalowa m'chipindamo. Anaichapa kawiri, anaiviika mu buluu woyeretsera zovala, anaiyanika, kenako anaisita ndi simbi ya makala akupumira pakati chifukwa cha chizungulire, mpaka kolala inaima. Atamaliza anandipatsa kuti ndikaibwezere pamsomali pomwepo.

Amalume atabwera analowa m'kachipinda kawo, ndipo sanatuluke mpaka chakudya chinazizira. Atatuluka anali atasamba kumaso. Anakhala pampando wawo, amayi ali chakuno akusankha nyemba, ndipo palibe anayang'ana mnzake. Ine ndinawanong'oneza amayi kuwafunsa ngati amalume apeza ntchito. Anati iyayi. Ndinayang'ana kasopo kamene kanatsala pamwala, kopyapyala ngati tsamba, n'kukumbukira yunifomu yanga yakuda, ndipo mumtima ndinati matenda aja awasokoneza mutu amayi: sopo yense uja kuthera jasi ya munthu amene alibe kopita nayo.